Nkhata ya ba Mussa

Ku Matero kunalibe maliro amene ankatha bwino popanda ba Mussa. Ntchito yawo yeniyeni inali yoyendetsa lole ya buledi, ndipo anaigwira mpaka tsitsi linachita mbuu, koma anthu ankawadziwa chifukwa cha pakamwa. Ukwati ukagwedezeka ndiwo ankaitanidwa. Kumanda ndiwo ankaima kumutu kwa mtumbira n'kumaitana oika nkhata: wamasiye poyamba, kenako ana, akuchimuna, akuchikazi, a mpingo, osalumpha munthu. Ankayamba m'Chichewa cha bambo awo, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzafuna ntchito ku Lusaka, kenako n'kukhotera ku Chibemba cha akazi awo, ndipo pena ankaponyamo kanthabwala kuti olira apumeko.

Akazi awowo, ba Nsofwa, amene komboni yonse inkawatchula kuti bana Dyness, anamwalira m'nyengo yozizira atavutika ndi matenda a shuga. Anthu ali pamaliro, thupi lisanaikidwe, ba Mussa anadzuka pampando kuti akalonjere alendo ochokera ku Kasama, ndipo anangogwa chammbali. Inali sitiroko. Pamene akazi awo ankatsitsidwa m'manda ku Chingwere, iwo anali gone m'chipatala osazindikira kanthu.

Anatuluka mkono wamanja uli lende, mwendo ukukoka, ndipo mawu onse atawathawa. Kumva ankamva. Koma pakamwa panatsala liwu limodzi lokha, lakuti eya, ndipo linkatuluka lokha ngakhale pamene mtima unkakana.

Ana awo anali awiri: Dyness, woyamba, amene ankasoka zovala pamsika wa Mtendere, ndi Kumbu, amene ankagwira ntchito ku Kitwe. Kumbu ndiye anagwada pambali pa bedi n'kuwauza zimene anagwirizana.

"Ba dadi, simungankhale mweka ku Matero. Muzayenda ku Mtendere kwa ba Dyness, nyumba tizaikamo anthu a lendi. Mwamvela?"

"Eya," anatero ba Mussa.

Anagwirizananso china chimene sanawauze. Poopa kuti chisoni chingawagwetsenso, anati dzina la mayi lisamatchulidwe pamaso pawo. Chithunzi cha ukwati Dyness anachiika pansi pa sutikesi. Obwera kudzapepesa ankawalandirira panja, n'kumanong'onezana kuseri kwa nyumba.

Ku Mtendere ba Mussa ankagona pabalaza. Mwamuna wa Dyness, Robert, anawakhomera kachitsulo kogwirira pakhoma la bafa ndipo ankawameta ndevu Lamlungu lililonse. Chakudya sichinkasowa. Koma mkuluyo ankakokera mpando pakhonde n'kukhala tsiku lonse akuyang'ana mpanda wa njerwa wa aneba. Kampira kamene anapatsidwa kuchipatala kuti azifinya anakagwetsera pansi pa kabati, osakafunanso. Mbale inkabwerera monga inapitira. Robert anaboola lamba wawo bowo latsopano, patapita nthawi anaboolanso lina.

Mayi wophunzitsa mafizo kuchipatala anamutengera Dyness pambali.

"Mwendo ungachile, na kwanja kungayeseko," anatero. "Koma bene bake sibafuna. Pali chamene chabankhala pamtima. Bapelekeni ku Kalingalinga, kuli ba Chilufya, mlangizi. Baja basebenza na banthu bamene sibakwanisa kukamba."

Ba Chilufya anali mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wolankhula motsitsa. Chipinda chawo chinali kuseri kwa holo ya tchalitchi china. Pakati panali tebulo, ndipo patebulopo panali bokosi lathabwa losaya lodzaza mchenga, lopakidwa penti ya buluu mkati mwake kuti munthu akakumba aziona ngati wapeza madzi. M'makoma munali mashelefu odzaza tinthu: ting'ombe tadongo, tigalimoto tamawaya, tinyumba tamatabwa, zidole zansalu, miyala, zitsekerero za mabotolo, nkhono.

Dyness anaima pakhomo, manyazi atamugwira.

"Ba Chilufya, ivi si va bana? Aba ni bakulu ba mpingo."

"Bana babwela maningi, ni zoona," anayankha. "Koma na bakulu babwela. Vinthu vina pakamwa pakanika, manja ndiye yakamba." Kenako anagwada pang'ono pamaso pa mkuluyo. "Ba tata, pano palibe kulakwa. Pangani chilichonse chamene mufuna mumchenga umu, olo osapanga kanthu. Ine sinizamufunsani mafunso. Nizankhala chabe apa."

Ba Mussa anamuyang'ana Dyness ndi diso limene ankamuyang'ana nalo ali mtsikana akachedwa kubwera kunyumba. Anakhala pampando, chipewa pamaondo, nkhope atalozetsa kuwindo. Dyness anauzidwa kuti adikire panja. Nthawi yonseyo mkuluyo sanakhudze kanthu, ndipo ba Chilufya sanawakakamize. Koma pofuna kudzuka anatsamira m'mphepete mwa bokosi, dzanja lamanzere n'kuterereka kulowa mumchenga. Unali wozizira, wachinyezi pang'ono. Sanalichotse msanga. Anatapa pang'ono n'kuupekesa ndi zala ngati munthu wofuna kugula mchenga womangira.

Dyness anaganiza kuti basi zathera pomwepo. Koma Lachinayi lotsatira, pobwera kuchokera kokatunga madzi m'mawa, anapeza bambo ake atavala jekete, mabatani atasemphanitsa, chipewa chili kumutu.

Milungu yoyamba ankangosalaza mchenga ndi chikhatho, kuusalaza, kuufufuta, kuusalazanso. Dyness ankakhala pabenchi panja akupinda mayunifomu a sukulu amene anabwera nawo, osadziwa chimene chinkachitika mkatimo. Chimene anaona n'chakuti masiku a Lachinayi bambo ake ankamaliza phala.

Tsiku lina chitseko chinatseguka nthawi isanakwane.

"Bakufunani," anatero ba Chilufya. "Balata ku chitseko na ndodo. Ngenani, koma muzingoyang'ana chabe. Osabafunsa."

Mumchengamo munali msewu wolembedwa ndi chala, tinyumba tondondozana mbali zonse ziwiri, ndi kalole kamawaya kataima pakona. Patsogolo pa kanyumba kamodzi panali chulu chachikulu, chotalika kuposa madenga. Ba Mussa anamuyang'ana mwana wawo modikira. Dyness anamwetulira n'kunena kuti n'zokongola. Nkhope ya mkuluyo inagwa.

Madzulo ake anamuimbira foni Kumbu n'kumufotokozera.

"Phili?" anatero Kumbu. "Ni ku Ntcheu uko. Ba dadi bafuna kuyenda kumunzi. Bakulu bakayamba kuyewa kwawo, mufunika kumvela."

"Koma ba dadi banabadwila kuno. Ku Ntcheu banayendako chabe kukaona manda ya ba ambuya."

"Magazi ni magazi, ba Dyness. Bafunseni."

Dyness anawafunsa. "Ba dadi, mufuna kuyenda ku Malawi?"

"Eya," anatero, koma anamenyetsa ndodo pansi mpaka nkhuku za aneba zinabalalika.

Mlungu wotsatira anafunsa ba Chilufya ngati chulucho chinali phiri la kwawo kwa agogo.

"Siniziba," anayankha. "Nikakamba ine tanthauzo, chizankhala changa, osati chawo. Tiyembekeze. Bakalibe kusiliza."

Kuyambira pamenepo mkuluyo sankalola kuti Dyness atsale panja. Ankamanganso msewu womwewo mlungu uliwonse, chifukwa ba Chilufya ankati womanga akachoka, ankajambula chithunzi kenako n'kusalaza mchengawo kuti enanso agwiritse ntchito. Nthawi iliyonse ankawonjezapo kanthu. Anaika chitsekerero cha botolo chagada pakona ya msewu n'kudonthezeramo madzi. Anaimika timitengo tiwiri n'kumangapo ulusi. Ndiyeno tsiku lina anatenga tiana tiwiri tadongo, n'kutiika pamwamba pa chulu chija, ndipo ndi chala chimodzi anakankha kamodzi kuti katsetserekere pansi.

Dyness anaseka asanadziwe kuti akuseka.

Unali mulu wa mchenga. Chaka chimene Kumbu anabadwa, mnzawo wina wa bambo ake anabwera ndi lole n'kukhuthula mchenga patsogolo pa nyumba yawo ku Matero, woti amangire chipinda china. Chipindacho sichinamangidwe. Zinali zaka zija za mizere, pamene amayi ankalawira m'bandakucha kukaima pamzere wa ufa ndi sopo, ndipo simenti inkangokwera. Mchengawo unakhala pamenepo ubwana wonse wa Dyness. Ana a msewu wonse ankakulira pamuluwo. Atsikana ankaphikapo masanje m'zitini za nsomba, anyamata ankakumba misewu ya magalimoto awo amawaya, ndipo onse ankatsetsereka atakhalira makatoni. Mayi ake ankakhala pasitepe akuluka tsitsi la mwana wa wina, n'kumakalipa kuti mchenga wadzaza m'mabulangete, kuti tsiku lina adzaitana anthu adzautenge wonse. Sanaitane munthu. Masana lole ya buledi ikamveka pakona, ana onse ankatsika pamulu liwiro, chifukwa ba Mussa ankabwera ndi buledi wophwanyika wosagulitsika, akadali wofunda, n'kumawanyemera aliyense akumutchula dzina lachipongwe limene anamupatsa okha. Mvula inkaudya muluwo chaka ndi chaka, aneba ankapemphako ndowa imodzi imodzi, mpaka unatha osadziwika tsiku lake.

"Ni pa Matero apa," anatero Dyness. "Uyu ni mulu wa mchenga uja. Apa ni pa pompi. Iyi ni nthambo yoyanikila ya ba..."

Anaima pomwepo. Bambo ake anatsinzina n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Liwu lija silinatuluke.

Pashelefu ya zidole panali kamayi kansalu kovala duku ya buluu. Kwa milungu ingapo ba Mussa ankakatenga, kukatembenuza m'dzanja, n'kukabwezera. Pakhonde la kanyumba kaja pankakhala popanda munthu. Tsiku limene Dyness anazindikira msewuwo, mkuluyo anakatenga kachidoleko n'kukaika m'thumba la jekete, maso ali pa ba Chilufya ngati mwana amene wagwidwa.

"Yendani nako, ba tata," anatero mlangiziyo. "Muzabweletsa mukafuna."

Dyness anakapeza pansi pa pilo poyala pabalaza. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukabwezera pomwepo.

Kunatentha kwambiri mwezi wa Okutobala, ndipo mitambo inayamba kusonkhana masana osagwetsa kanthu. Lachinayi lina ba Mussa anakana jekete ya masiku onse. Analoza sutikesi yawo mpaka Dyness anatulutsa suti yakuda imene ankavala kumaliro. Inali itawakulira. Anaivala choncho.

Atafika ku Kalingalinga sanamange msewu. Anasalaza mchenga wonse bwinobwino. Kenako anayamba kutenga zidole pashelefu, amuna ndi akazi, zadongo ndi zansalu, mpaka shelefu inatsala yopanda kanthu, n'kuziimika mozungulira, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Pakati anasiya malo. Anakumba ndi dzanja lamanzere, mchenga ukugumukira mkati, iwo n'kumakumbabe, mpaka buluu wa pansi anaonekera.

Dyness anagwira mkono wa ba Chilufya. Mayiyo anangophimba dzanja lake ndi lawo.

Mkuluyo anatulutsa kachidole kaja m'thumba. Anayala mpango wawo woyera pabondo, n'kukakulunga, akuthandizira ndi chibwano pamene dzanja limodzi linalephera. Anakatsitsira m'dzenjemo mosamala. Anatapa mchenga ndi nsonga za zala n'kuwaza. Atatero anamuyang'ana Dyness, ndipo iye anawaza wake. Anakwirira okha, n'kuumba kamtumbira, akukasisita m'mbali mpaka kanasalala.

Kunja kwa windo kunali chitsamba cha maluwa ofiirira chimene chinayanga pampanda wa tchalitchi. Analoza kumeneko. Ba Chilufya anatuluka n'kubwera nawo odzaza m'manja.

Ba Mussa anagwira ndodo n'kuimirira. Anavula chipewa. Anaima kumutu kwa kamtumbirako monga ankaimira kale, chifuwa chili patsogolo, maso akuyendayenda pa khamu la zidole. Milomo inagwedera, khosi linakwera ndi kutsika, koma panalibe chotuluka. Ndiye anadziloza pachifuwa. Anatenga duwa limodzi, anawerama movutikira, n'kuliika pakati penipeni. Analoza Dyness, ndipo Dyness anaika lake. Analoza kachidole kena kamwamuna kamene kanali kutsogolo, ndipo Dyness anamva kuti ndi Kumbu, n'kumuikira. Anapitiriza choncho, akuchimuna, akuchikazi, mbali ndi mbali. Pomaliza analoza ba Chilufya, ndipo nawonso anagwada n'kuika duwa lawo.

Ba Mussa atakhala pansi mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kulira kwawo kunatuluka kokhuthala, kosweka, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa nyengo yonse ya mvula. Dyness anali asanalirepo pamaso pawo chichokereni kuchipatala. Ankalirira kumsika, kuseri kwa makina osokera. Tsopano anagwada pansi n'kuika mutu pamaondo a bambo ake, ndipo dzanja lawo lamchenga linakhala pamutu pake.

Patapita nthawi Dyness anapukuta nkhope n'kuyamba kulankhula, osafunsidwa.

"Ba mami tinabaika bwino, ba dadi. Banavala yunifomu yawo ya chigwilizano, na duku yoyela. Banthu banali bambili, mabasi yanachepa, benangu banayenda na mendo. Kunali mphepo maningi, fumbi yokhayokha. Bazimai ba ku Kasama banaimba mpaka mawu yanasila. Bokosi inali ya bulauni, Kumbu ndiye anasankha."

Ba Mussa ankamvetsera ndi thupi lonse, ngati munthu waludzu amene wapatsidwa madzi.

"Nkhata banaitana ni ba Nkole."

Mkuluyo anadzutsa mutu. Ba Nkole anali mnzawo wa pamsewu womwewo ku Matero, amene kale ankakonza njinga pansi pa mtengo wa pamsika. Anakulira limodzi, ndipo ba Nkole ndiwo anawaperekeza kokafunsira ba Nsofwa. Maso a ba Nkole anali atachita ng'ala, moti sakanatha kukwera minibasi ziwiri kudutsa tauni yonse kuti akaone mnzawo ku Mtendere.

Potuluka, Dyness anatsalira pang'ono.

"Manje bazayamba kukamba?" anafunsa.

"Mchenga suchilitsa sitiroko," anatero ba Chilufya. "Vamene vinaonongeka mumutu ni va madokota na mafizo. Apa banali chabe na maliro yamene banali bakalibe kulila. Kambani na dokota wawo, ngati avomela, bapelekeni bakaone pamene banagona bakazi bawo."

"Na ka mpango kawo?"

"Nizakasunga. Sinipasula chinthu mwine wake akali pafupi."

Dokotala sanakanize. Kumbu ndiye anavuta pafoni, akuti akagwa kumandako adzayankha ndani. Dyness anamuuza kuti bambo awo anali akugwa kale tsiku ndi tsiku pakhonde paja, iwo akuonerera. Atamva zimenezo Kumbu anati adzakwera basi ya Lachisanu.

Loweruka m'mawa Robert anabwereka galimoto ya mnzake. Mvula yoyamba inali itagwa usiku, ndipo mzinda wonse unkanunkhira dothi. Ku Chingwere manda anali atachuluka kwambiri chiikireni maliro aja, moti Kumbu anasokera kawiri asanapeze kachikwangwani kachitsulo kolembedwa dzina la mayi awo. Ba Mussa anayenda okha kuchokera pagalimoto, akukana dzanja la aliyense. Sanalire. Anawerenga kachikwangwaniko ndi chala, chilembo ndi chilembo. Anazula tiudzu timene tinamera m'mbali, n'kukhala pampando umene Robert anawanyamulira, chipewa pamaondo. Ana awo anapita kukaima patali. Ankaona mutu wa mkuluyo ukugwedezeka apa ndi apo, monga ankachitira akazi awo akamawauza nkhani za kumsika.

Pobwerera anadzera ku Matero. Nyumba yawo anthu a lendi anali ataipaka penti yobiriwira. Pompi ya pakona inali itachotsedwa kalekale, ndipo pamene panali mulu wa mchenga panali kakantini kachitsulo kotumizirako ndalama pafoni, mtsikana ali mkati akusuzumira pawindo. Robert anaimitsa galimoto n'kutsegula chitseko. Ba Mussa anayang'ana nyumbayo, denga lake, sitepe ija, mtengo wa mapeyala umene anabzala akazi awo. Sanatsike. Anagogoda phewa la Robert ndi ndodo n'kuloza kutsogolo.

Ba Nkole anali pakhonde pawo atavala juzi ngakhale kunali dzuwa, wailesi yaing'ono ili pakhutu.

"Ni bandani?" anafunsa atamva mapazi.

"Ni ine Dyness, ba Nkole. Nabwela na ba dadi."

Ba Nkole anazimitsa wailesi. Anatambasula manja onse awiri m'mwamba, akufufuza, mpaka anagwira jekete ya mnzawo. Anapapasa mapewa, khosi, masaya.

"Waonda, mune," anatero. "Ku Mtendere sibaphika?"

Anawakokera pabenchi pambali pawo osawasiya dzanja.

"Iwe Mussa, unanichita choipa. Unanisiyila nchito yako ku manda. Ine nakonza njinga, niziba chani va nkhata? Naitana ba mpingo bana bakalibe kuika. Ba mulamu bako ba ku Kasama ninabaibala, mpaka lelo sibanipatsa moni. Bana Dyness banali kuniseka mu bokosi muja, niziba."

Phokoso limene linatuluka mwa ba Mussa linamudzidzimutsa Kumbu, moti anayamba kuyandikira. Dyness anamugwira malaya. Bambo awo ankaseka, mbali imodzi ya pakamwa itakwera, misozi ikutsika.

"Baniuza ati sukamba," anapitiriza ba Nkole. "Mulungu ni wabwino. Kuchokela tili bafana iwe ndiwe unali kukamba, ine kumvela chabe. Pa ukwati wanga unakamba iwe. Manje ni nthawi yanga. Nkhala bwino, nili na nkhani zambili."

Ndipo anazikambadi. Anakamba za amene anamwalira ndi amene anasamuka, za holo imene ankavinako ali anyamata imene tsopano inasanduka tchalitchi, za tsiku limene lole ya buledi inatitimira m'matope pafupi ndi msika ndipo komboni yonse inadya buledi waulere. Anakamba za ba Nsofwa ali mtsikana, mmene anakanira ba Mussa kawiri chifukwa cha nsapato zawo zosongoka. Dzina limene linali loletsedwa ku Mtendere linkatchulidwa pakhondepo mobwerezabwereza, ndipo mwini wake wa chisonicho ankangogwedeza mutu, pena kumenya bondo la mnzakeyo pamene wanama.

Dzuwa litapendeka ba Nkole anatuma mdzukulu wawo wamkazi kuti atulutse thabwa la nsolo ndi chitini cha miyala yake.

"Muzasewela bwanji, ba Nkole, imwe simuona?" anafunsa Robert.

Ba Nkole anatambasula zala zawo. "Nili na minwe. Uyu ali na menso. Tizakwanisa."

Madzulo amenewo, atabwerera ku Mtendere, Dyness anatulutsa chithunzi cha ukwati pansi pa sutikesi n'kuchipachika pabalaza. Bambo ake anachiyang'ana, n'kuloza kuti chapendekeka.

Anapitirizabe kupita ku Kalingalinga mpaka mvula inatha. Zomanga zawo zinasintha. Pena ankamanga msika, pena msewu wautali wokhala ndi mlatho, pena ankangoika ng'ombe m'khola n'kukhala akuziyang'ana. Anayambiranso mafizo, ndipo mwendo unalimba moti ankafika okha pamsika kukakhala pafupi ndi makina a Dyness. Mawu anabwerako ochepa: madzi, iyayi, ndi theka la dzina la mwana wawo. Ena onse sanabwerere. Tsiku lina atamaliza kumanga anavala chipewa, n'kugwira dzanja la ba Chilufya nthawi yaitali, ndipo mayiyo anamva kuti akutsanzika.

Masiku ano Loweruka lililonse Robert amawakweza minibasi ya m'tauni, n'kuwasinthira ina ya ku Matero, ndipo amakawatenga dzuwa likamalowa. Odutsa pamsewu uja amawaona akuluakulu awiriwo pakhonde, thabwa lili pakati pawo, wina akulankhula osapuma, wina akusuntha miyala ndi dzanja lamanzere. Ba Nkole amauza aliyense wowapatsa moni kuti mnzawoyo amaba miyala, kuti wakhala akuba kuyambira ali anyamata, kungoti tsopano wapeza munthu wosaona woti azimubera bwino. Ba Mussa amangoyang'ana kumbali, dzanja lili m'thumba la jekete.